Mamita Osochera Mumlengalenga

Kachipangizo ka GPS kamene alangizi a zaulimi amazungulira nako m'malire a munda ku Malomo kapena ku Madisi kwenikweni kamayeza nthawi. Masetilaiti amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 amatumiza uthenga pa mafunde a wailesi, uthengawo n'kumanena nthawi imene wanyamukira, ndipo kachipangizoko kamaona nthawi imene wafikira. Mafundewa amathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Akachedwa panjira ndi kagawo kamodzi kokha mwa magawo biliyoni a sekondi, mtunda umene kachipangizoko kawerengere ulakwika ndi masentimita 30. Kuchedwako kumachitika tsiku lililonse, chifukwa uthengawo usanafike m'manja mwa alangizi umayenera kuboola mpweya umene wakuta dziko. Olemba mbiri ya GPS amakonda kuyambira mu 1973, pamene asilikali a America anavomereza ntchitoyi motsogozedwa ndi Bradford Parkinson. Kwa ine nkhondo yaikulu inali itamenyedwa kale pakati pa 1957 ndi 1969, ndipo amene anaimenya satchulidwa kawirikawiri.

Zoti mpweya umanamiza woyeza zinadziwika kalekale. Ptolemy wa ku Alexandria analemba zoti kuwala kwa nyenyezi kumapindika polowa mumpweya, ndipo Ibn al-Haytham anaifukulanso nkhaniyi ku Cairo patapita zaka pafupifupi 900. Tycho Brahe, kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, anakonza ndandanda yosonyeza kuchuluka kwa kupindikako. Dzuwa likamaoneka ngati langokhudza phiri madzulo, limakhala litalowa kale, koma mpweya umalikweza ndi pafupifupi theka la digiri. David Livingstone, amene anafika pa nyanja yathu mu 1859, ankayeza nyenyezi usiku n'kutumiza manambala ake kwa Thomas Maclear ku Cape Town kuti awakonze. Asaveya a Directorate of Colonial Surveys, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1946, anamanga zipilala za simenti pamwamba pa mapiri kuti azionana phiri ndi phiri. M'zaka za m'ma 1950 Trevor Wadley wa ku South Africa anatulukira Tellurometer, makina oyeza mtunda ndi mafunde a wailesi, koma woyeza ankayenerabe kunyamula zida zoonera kutentha, chinyezi ndi kulemera kwa mpweya kumbali zonse ziwiri za mzere.

Onsewa ankalimbana ndi mpweya wapansi, umene timapumawu. Wapamwamba unadziwika mochedwa. Mu Disembala 1901 Guglielmo Marconi analengeza kuti walandira ku Newfoundland uthenga wa wailesi wochokera ku Cornwall, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, ngakhale dziko ndi lobulungira. Chaka chotsatira Arthur Kennelly ndi Oliver Heaviside, aliyense payekha, anati kumwamba kuyenera kuti kuli chinachake chimene chimabweza mafunde. Edward Appleton ndi Miles Barnett anatsimikiza zimenezi mu 1924. Chigawo chimenechi ndi ionosphere. Chimayambira makilomita pafupifupi 60 kuchokera pansi n'kupitirira mpaka makilomita 1,000, ndipo kumeneko kuwala kwa dzuwa kumathothola ma electron ku mpweya n'kuwasiya akuyendayenda okha. Masana amachuluka, usiku amachepa. Amachulukanso kwambiri dzuwa likalusa, zimene zimabwerera pafupifupi zaka 11 zilizonse.

Pa 4 Okutobala 1957 dziko la Soviet Union linaponya Sputnik. Ku Applied Physics Laboratory ya yunivesite ya Johns Hopkins, m'boma la Maryland, akatswiri awiri achinyamata, William Guier ndi George Weiffenbach, anatchera wailesi kuti amve kulira kwake pa 20 MHz. Anaona kuti kamvekedwe kake kamakwera setilaitiyo ikamayandikira, n'kutsika ikamapita kutali, monga mmene Christian Doppler anafotokozera mu 1842. Kuchokera pa kusinthaku anakwanitsa kuwerengera njira yonse imene Sputnik inkadutsa, ali pamalo amodzi. Mu Malichi 1958 mkulu wawo, Frank McClure, anawafunsa funso lotembenuza nkhani: ngati munthu wodziwa pamene waima angapeze pamene pali setilaiti, kodi wodziwa pamene pali setilaiti sangapeze pamene iye waima? Pamenepo panabadwa Transit, njira yoyamba yopezera malo pogwiritsa ntchito masetilaiti, imene Richard Kershner anaitsogolera pofuna kuthandiza sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Setilaiti yoyamba ya Transit inalephera kufika mumlengalenga mu 1959, yachiwiri inafika mu Epulo 1960, ndipo pofika 1964 asilikali apamadzi anali akuigwiritsa ntchito.

Funso la McClure ndi limene limatchuka, ndipo n'loyeneradi kutchuka. Koma chimene chimandigwira mtima ndi chimene anthuwa anachita atazindikira kuti ionosphere ikuwasokonezera manambala. Njira yapafupi inali kulosera, kunena kuti nthawi yakutiyakuti, mwezi wakuti, ma electron amakhala ochuluka chonchi, ndiye tichotsepo zakuti. Iwo anasankha kuti uthenga womwewo uziulula wokha mmene wachedwera. Ankadziwa kuti ionosphere sichedwetsa mafunde onse mofanana. Frequency, kutanthauza kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi, ikakhala yotsika mafunde amavutika kwambiri, ndipo pali lamulo lake losasintha: mukachulukitsa frequency kawiri, vutolo limachepa kanayi. Choncho anakonza zoti setilaiti iliyonse izitumiza pa ma frequency awiri ochokera ku wotchi imodzi. Masetilaiti a Transit amene anakhazikika pantchito ankatumiza pa 150 MHz ndi 400 MHz, ndipo mafunde a 150 MHz amasokonezeka kuwirikiza kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi anzawo.

Tiyerekeze kuti bambo ndi mwana wake anyamuka limodzi kubwera kwanu, ndipo njira yawo ikudutsa padambo la matope. Pouma amayenda mofanana, koma m'matope mwanayo amataya nthawi kasanu ndi kawiri kuposa bambo ake. Inu simunalione dambolo, simukudziwa ngati kwagwa mvula kapena ayi. Koma mwanayo akafika mphindi 6 pambuyo pa bambo ake, mwadziwa kale kuti matope adya mphindi 7 za mwana ndi mphindi imodzi ya bambo. Mukachotsa mphindi imodziyo, mwapeza nthawi imene ulendowo ukanatenga njira yonse ikanakhala youma.

Nzeru imeneyi siidalira kuti munthu aidziwe bwino ionosphere. Kaya ndi masana kapena usiku, kaya dzuwa lalusa kapena lafatsa, kaya muli ku Maryland kapena ku Mvera, kusiyana kwa mafunde awiriwo kumakuuzani zimene zachitika panjira yomweyo, mphindi yomweyo. Imachotsa zoposa 99 peresenti ya kuchedwa kobwera ndi ionosphere. Zaka zoposa 60 zadutsa, ndipo palibe amene wapeza njira yoposa imeneyi. GPS inangoitengera: ili ndi L1 pa 1575.42 MHz ndi L2 pa 1227.60 MHz, ndipo L2 imachedwa kuwirikiza 1.65. Ngati L2 yatsalira m'mbuyo mwa L1 ndi mamita 3.2, ndiye kuti L1 yachedwa ndi mamita pafupifupi 5. Galileo ya ku Ulaya, GLONASS ya ku Russia ndi BeiDou ya ku China zonse zimatsata mfundo yomweyi. N'chifukwa chake ndimati ulemu wa kulondola kwa GPS uyenera kuyambira kwa Guier ndi Weiffenbach. Parkinson anamanga chinthu chachikulu, koma vuto la ionosphere analipeza litathetsedwa. Ngakhale kuno ku Africa, asaveya anayamba kudalira masetilaiti kudzera mu Transit, pa ntchito ya African Doppler Survey ya m'zaka za m'ma 1980, GPS isanakwane.

Panatsala mpweya wapansi, wotchedwa troposphere, kumene kuli mitambo, mvula ndi nkhungu. Kumeneku ma frequency awiri sathandiza, chifukwa mafunde onse amachedwa mofanana. Amene anagwira ntchitoyi pa labotale yomweyo ya ku Maryland anali mayi, Helen Hopfield. Mu 1969 anasindikiza njira yogawa kuchedwaku pawiri, mbali ya mpweya wouma ndi mbali ya chinyezi, iliyonse n'kuiwerengera payokha kuchokera pa kutentha, chinyezi ndi kulemera kwa mpweya pamalo pamene woyeza waima. Mu 1972 Jouko Saastamoinen, yemwe ankagwira ntchito ku Canada, anaonetsa kuti mbali youma imatsatira kulemera kwa mpweya basi, pafupifupi mamilimita 2.3 pa hectopascal iliyonse ya kulemerako. M'mphepete mwa nyanja yamchere zimenezi zimakwana mamita 2.3 setilaiti ikakhala paliwombo, ndipo zimapitirira mamita 20 ikatsikira m'chizimezime. Mbali ya chinyezi ndi yaing'ono, kawirikawiri siipitirira masentimita 40, koma ndi imene imavuta, chifukwa chinyezi chimasintha ola ndi ola, chigwa ndi chigwa. Mwana wa Mayi Hopfield, John Hopfield, analandira mphotho ya Nobel mu 2024 pa ntchito ina, dziko lonse n'kumudziwa. Dzina la mayi ake limangopezeka m'mabuku a asaveya ndi m'mapulogalamu a makina awo. Zimenezi sizikundikhalira bwino, chifukwa kugawa pawiri kuja ndi kumene aliyense woyeza molondola akutsatirabe.

Setilaiti yoyamba ya GPS inakwera mu 1978, ndipo gulu lonse linakwanira mu 1995. Koma frequency yachiwiri ija anaisungira asilikali. Anthu wamba anapatsidwa L1 yokha, ndiye kunali kofunika kubwerera ku kulosera kumene a Transit anakupewa. Ntchitoyi inagwera John Klobuchar, katswiri wa pa labotale ya asilikali a ndege ku Massachusetts, ndipo mu uthenga wa setilaiti anam'patsa malo a manambala 8 okha kuti afotokozere ionosphere ya dziko lonse. Iye anayerekeza kuti ma electron onse ali pa chigawo chimodzi chopyapyala pamtunda wa makilomita 350, kuti kuchedwa kumafika pachimake 2 koloko masana, ndipo usiku kumakhala pa mita imodzi ndi theka. Njirayi, imene inasindikizidwa mu 1987, imachotsa pafupifupi theka la vuto, ndipo mwini wake ananena yekha choncho. Ena amainyoza. Ine ndimaona kuti munthu amene anakwanitsa theka ndi manambala 8 ndi woyenera kumuvulira chipewa. Amene analakwitsa ndi amene anatsekera anthu wamba frequency yachiwiri, n'kuwonjezapo kusokoneza dala L1 kuti izilakwitsa mpaka mamita 100. Kusokoneza dalako kunathetsedwa mu Meyi 2000 pa lamulo la Bill Clinton, ndipo kuyambira pamenepo mpweya ndi umene unatsala ngati mdani wamkulu.

Asaveya sanadikire chifundo cha asilikali. Anapeza njira zomvera L2 popanda kudziwa chinsinsi chake. Anayambanso kuika makina amodzi pa bikoni yodziwika bwino, ena n'kumayenda nawo: popeza makina awiri oyandikana amaona setilaiti kudzera mumpweya wofanana, cholakwa cha oyambawo chimachotsedwa pa achiwiriwo. M'menemo munachokera RTK, imene imalondola mpaka masentimita ochepa malinga makina awiriwo asatalikirane kupitirira makilomita 10 kapena 20. Maiko olemera anadzala masiteshoni ambirimbiri oyeza ionosphere n'kumaulutsa zokonza: WAAS ku America kuyambira 2003, EGNOS ku Ulaya kuyambira 2009. Frequency yachiwiri ya anthu wamba inayamba kumveka mu 2005, ya L5 inatsatira mu 2010, ndipo mu 2018 Xiaomi Mi 8 inakhala foni yoyamba kumva ma frequency awiri. Zinatenga zaka 58 kuti nzeru ya mu 1960 ifike m'thumba la munthu wamba.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa thambo la ku Dowa si la ku Massachusetts. Pafupi ndi ikweta, mphamvu ya maginito ya dziko imakankhira ma electron m'mwamba masana, kenako amatsetserekera kumpoto ndi kumwera n'kuunjikana m'mizere iwiri, uliwonse pafupifupi madigiri 15 kuchokera pa ikweta ya maginito. Mabuku ambiri amatcha zimenezi ndi dzina la Appleton, amene analemba za izo mu 1946, koma akatswiri a ku Japan, Namba ndi Maeda, anali atazilemba kale mu 1939, ndipo ulemu unayenera kuyambira kwa iwo. Kuno kum'mawa kwa Africa ikweta ya maginito imadutsa cha ku Ethiopia, choncho mzere wakumwera umagwera cha ku Tanzania. Dowa ndi Ntchisi, amene ali pakati pa madigiri 13 ndi 14 kumwera kwa ikweta, ali m'mphepete mwake. Koma setilaiti imene yatsika chakumpoto imatitumizira uthenga wodutsa m'kati mwenimweni mwa mzerewo, pamene ina imene ili chakumwera ikudutsa mopepuka. Kusiyana kotereku manambala 8 aja sangakuone. Dzuwa likangolowa pamabukanso vuto lina: mu ionosphere mumatseguka mipata yopanda ma electron okwanira imene imachititsa uthenga kuthwanima, mpaka makina kutaya setilaiti. Ku Africa kuno zimenezi zimachuluka mu Malichi ndi Epulo, komanso mu Seputembala ndi Okutobala, makamaka m'zaka zimene dzuwa lalusa, monga 2024. Mu Meyi chaka chimenecho mkuntho wochokera kudzuwa unaimitsa mathirakitala oyendera GPS ku America pakati pa nyengo yodzala.

Mapiri athu amabweretsa vuto lawolawo. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474, pamene nsonga ya phiri la Ntchisi imapitirira mamita 1,600. Mwa masamu a Saastamoinen, mpweya wouma umachedwetsa uthenga ndi mamita pafupifupi 2.2 ku Nkhotakota kapena ku Salima, koma pamwamba pa phirilo ndi mamita pafupifupi 1.9. Saveya akaimika makina ake pachitunda, mnzake n'kutsika nawo ena kumatsitso oloza kunyanja, makina awiriwo sakuonanso mpweya wofanana, ngakhale atalikirana pang'ono chabe. Mbali youma makina amaikonza bwino. Chinyezi ndiye ayi. M'mawa wa dzinja nkhungu imatha kukuta nkhalango ya Ntchisi pamene ku Mponela kwayera, ndipo mpweya wonyowa wochokera kunyanja umakwera m'zigwa mosiyanasiyana. Sentimita imodzi ya kuchedwa imene yatsala yosakonzedwa imasanduka pafupifupi masentimita 3 pa kutalika kwa malo. Kwa woyeza munda zimenezi n'zochepa. Kwa wokonza ngalande ya mthirira kapena mapaipi a madzi oyenda okha kuchokera kuphiri, masentimita amenewo ndi amene amanena ngati madzi afike kumudzi kapena aima panjira.

Nanga munda? Kachipangizo ka m'manja kamene kamamva frequency imodzi kamalakwitsa ndi mamita 3 mpaka 5 kukakhala poyera. Mukakayang'anitsitsa mutaima chilili pangodya ya munda, manambala otsiriza amasinthasintha inu osasuntha. Poyeza kukula kwa munda sikalakwitsa kwambiri, chifukwa ngodya zonse zimayezedwa m'mphindi zochepa pansi pa thambo limodzi, munda wonse n'kusunthira mbali imodzi. N'chifukwa chake kafukufuku wa m'makomo wa National Statistical Office wa 2010 ndi 2011 anatha kuyeza minda ndi GPS ya m'manja. Malire ndi nkhani ina. Ngodya imene inayezedwa masana a Okutobala, wina akabwera kudzaifunafuna m'mawa wa Juni ndi kachipangizo komweko, ikhoza kupezeka mamita 3 kuchokera pamene inali. Pamunda wa mizere yotalikirana masentimita 75, imeneyo ndi mizere inayi ya chimanga kapena soya kuchokera kumutu mpaka kumapazi a munda. Aliyense amene anakhalapo pabwalo kwa a nyakwawa akudziwa kuti abale amasiya kuyankhulana chifukwa cha mzere umodzi.

Lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limalola banja kulembetsa malo ake n'kulandira chikalata, ndipo kuyesera kwake kunachitika ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Ntchito yotereyi imadalira kwambiri zithunzi zojambulidwa kumwamba, komabe zithunzizo zimamangiriridwa pansi ndi malo oyezedwa ndi GPS, ndipo ngodya zobisika m'mitengo zimafuna munthu afikepo ndi makina. Ndikanakonda kuti m'maboma a mapiri ngati Dowa ndi Ntchisi, nambala iliyonse yolowa m'chikalata iziyezedwa ndi makina a ma frequency awiri, ndipo pambali pake pazilembedwa tsiku, ola ndi mtundu wa makinawo. Pazilembedwanso ngati nambalayo ili pa Arc 1950, imene mapu athu akale anajambulidwirapo, kapena pa WGS 84 ya GPS, pakuti ziwirizi zimasiyana ndi mamita 200 kapena 300, ndipo pamenepo mpweya sulakwa. Ntchito yofuna masentimita iziyambika m'mawa, ionosphere isanadzaze, ndipo isamapitirire dzuwa litalowa m'miyezi inayi ija.

Chachikulu ndi masiteshoni okhazikika. South Africa ili ndi TrigNet, gulu la masiteshoni amene amamvetsera masetilaiti usana ndi usiku n'kumatumizira asaveya zokonza. Maiko a mu Africa anagwirizana ku Windhoek mu 2002 kuti amange maziko amodzi a miyeso, otchedwa AFREF. Kwa ife, siteshoni yoikidwa ku Lilongwe payokha singayankhe za mpweya wa kwa Kasakula kapena kwa Nthondo. Pakufunika ina pachitunda cha Mponela kapena pa boma la Ntchisi, ina kumunsi kunyanja, iliyonse ili ndi chida choyezera kulemera kwa mpweya ndi chinyezi pambali pake. Masiteshoni otere amatumikiranso a zanyengo, chifukwa kuyambira 1992, pamene Michael Bevis ndi anzake anaonetsa njira yake, kuchedwa kobwera ndi chinyezi kumagwiritsidwa ntchito poyeza madzi amene ali mumpweya mvula isanagwe. Zipilala zakale za m'mapiri nazo zisatayidwe. Zina zinagumulidwa ndi anthu oganiza kuti pansi pake pali chuma, koma zimene zatsala ndi malo okhawo amene makina atsopano angaimikidwe kuti miyeso ya lero ilumikizane ndi mapu ndi malizi a m'zaka za m'ma 1960. Mafumu a kwa Msakambewa, kwa Chiwere, kwa Kalumo ndi kwa Chilooko ayenera kuuzidwa pamene zipilalazi zili ndi ntchito yake, kuti azizisamalira monga amasamalirira malire a midzi yawo. Dzuwa lidzalusanso cha m'ma 2035, ndipo minda imene ikulembetsedwa panopa idzakhala ikugawidwa kwa ana, ngodya zake zikufunidwanso.